Mudzi wa Nsungwi m'Zinenero Ziwiri

Mabuku a ana onena za dziko la China amakonda kuyambira pa zinthu zimene mlendo amazidziwa kale: chinjoka cha pa zikondwerero, khoma lalitali lija, nyali zofiira za chaka chatsopano, ndi panda atakhala chotambalala akutafuna masamba. Buku la Bamboo and Me, lolembedwa ndi Xu Bin, zithunzi zake n'kujambulidwa ndi Yuan Yahuan, layambira pakhomo, pa chomera chimene anthu akumudzi amadya, amagonera, amanyamulira katundu, ana n'kumaseweretsa. Analisindikiza ndi a Shanghai Press, ndipo nkhani yake yalembedwa kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chitchaina. Mutu wake ukuti nsungwi ndi ine, ndipo ine ameneyu ndi mwana wa m'mudzi wachikale wa ku China. Pansi pa mutuwo pali kamutu kena kolonjeza kuonetsa ntchito zambirimbiri za nsungwi pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Ndineneretu maganizo anga. Ndi buku labwino, loyenera kupezeka m'laibulale ya sukulu ya pulayimale. Lili ndi zofooka ziwiri zimene ndifikepo. Koma amene angalimve bwino kuposa onse ndi mwana amene osindikiza sankamuganizira n'komwe.

Kuti timvetse chimene Xu Bin wachita, tiyambe taona chimene wasiya. Ku China nsungwi ili ndi mbiri ziwiri. Yoyamba ndi ya anthu ophunzira. Kwa zaka zoposa 1,000 alakatuli ndi akatswiri ojambula akhala akuitenga nsungwi ngati chitsanzo cha munthu wolungama. Imaima chilili, imawerama mphepo ikawomba koma osathyoka, imakhalabe yobiriwira m'chisanu mitengo ina itayoyola masamba, ndipo mphako ya m'kati mwake iwo ankati ndi mtima wosadzikuza. Wen Tong, amene anamwalira mu 1079, anatchuka chifukwa chojambula nsungwi ndi inki yakuda yokha, ndipo mbale wake Su Shi, mlakatuli wamkulu wa nthawi imeneyo, analemba zomutamanda. Zheng Banqiao, wobadwa mu 1693, anali woweruza milandu m'boma, koma lero amakumbukika ndi nsungwi ndi miyala imene ankajambula. Mwana wa sukulu ku China amakumana ndi nsungwi ya mtundu umenewu m'ndakatulo zoloweza pamtima.

Mbiri yachiwiri ndi ya anthu amene sanasiye mayina. Cha m'ma 256 Khristu asanabadwe, pamene Li Bing ankatsogolera ntchito yogawa madzi a mtsinje wa Min ku Dujiangyan, m'chigawo cha Sichuan, anthu ankaluka madengu aatali ansungwi, kuwadzaza miyala, n'kuwayala m'madzi kuti apatutse mtsinjewo. Ngalande za kumeneko zikuthirirabe minda mpaka lero. Ku Zigong, m'chigawo chomwecho, okumba mchere ankatsitsa chitsulo chobowolera pansi ndi zingwe zansungwi, madzi amchere n'kumayenda m'mipope yansungwi kupita kophikira, ndipo mu 1835 chitsime chawo cha Shenhai chinapitirira mamita 1,000 kuya kwake. Ngakhale ophunzira aja ankadalira manja a anthu omwewa. Mapepala asanafale, mabuku ankalembedwa pa timizere tansungwi tolumikizidwa ndi chingwe. Mu 1993, m'manda ena ku Guodian m'chigawo cha Hubei, munapezeka timizere totere tokhala ndi zigawo za buku la Laozi, tolembedwa zaka pafupifupi 300 Khristu asanabadwe. Alipo amene anadula nsungwi imeneyo, kuiwaza, n'kuiwamba pamoto kuti isafumbwe, wolembayo asanaikhudze.

Bamboo and Me laima ndi anthu a mbiri yachiwiriyi, ndipo apa m'pamene ndikuliyamikira kwambiri. Nsungwi ya m'bukuli ndi ndiwo, chiwiya ndi choseweretsa. Mwana wa zaka zisanu sangamve zoti mphako ya mtengo ikuphunzitsa kudzichepetsa, koma amamva msanga kuti chinthu chimene amayi anyamula chinali chitaima m'nkhalango mwezi watha. Ndipo nyumba ya kumudzi kum'mwera kwa China inalidi yodzaza ndi zinthu zotere: timadengu tosanjikizana tophikira ndi nthunzi, timitengo todyera, chipewa chachikulu cholimira pamvula, mtengo wofewa wonyamulira katundu paphewa, tsache la nthambi, mipando, makwerero, mphasa yosalala yogonera m'miyezi yotentha. Panalinso chinthu china chimene mabuku a ana amachilumpha, mtsamiro wautali wolukidwa, wopanda kanthu m'kati, umene munthu amaukumbatira usiku wa thukuta kuti mphepo izidutsa. Eni ake amautcha mkazi wansungwi. Ana nawo anali ndi zawo: zitoliro, mafupa a kaiti, kandodo kokwera ngati hatchi, ndi kachidutswa kokhala ndi mapiko awiri kamene amakapota pakati pa zikhatho n'kuuluka. Ngakhale makombola a pa chaka chatsopano anayambira pomwepa, pakuti wonga usanatulukiridwe anthu ankaponya zidutswa za nsungwi pamoto, mpweya wotsekeredwa pakati pa mfundo n'kuphulika.

Amene akuwerengera mwana bukuli kuno kwathu ayenera kudziwa kuti nsungwi ya ku China si nsungwi yathu, apo ayi zina adzaziyesa zokokomeza. Dzikolo lili ndi mitundu ya nsungwi yoposa 500, pa malo oposa mahekitala 6 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la malowo ndi la mtundu umodzi, wotchedwa moso, wofala m'zigawo za Fujian, Jiangxi, Zhejiang ndi Hunan. Nsungwi imene tinaizolowera ife, Oxytenanthera abyssinica, imamera pa phata limodzi mothithikana, ndipo mnofu wake ndi wochindikala, mphako yaing'ono, nthawi zina yosaoneka n'komwe. Moso ndi yosiyana. Tsinde lake lenileni limayenda pansi pa nthaka n'kumatulutsa mphukira apa ndi apo, choncho nsungwi iliyonse imaima payokha ndipo mwana amatha kuyenda pakati pake. Mphako yake ndi yaikulu moti chidutswa chodulidwa pansi pa mfundo chimakhala kale kapu, ndipo mukaboola mfundozo mwapeza mpope.

Kakulidwe kake n'kodabwitsa, ndipo kali ndi chifukwa chake. Mphukira ikamatuluka pansi imakhala ili kale ndi mfundo zake zonse, zitapanikizana. Ikayamba kukula, mipata yambiri ya pakati pa mfundozo imatalika pa nthawi imodzi, ndipo chakudya sichichokera m'masamba ake, amene ilibe, koma kwa nsungwi zazikulu kudzera m'tsinde la pansi lija. N'chifukwa chake moso imatha kutalika pafupifupi mita imodzi pa tsiku ikafika pachimake, n'kumaliza msinkhu wake wonse, mamita 15 kapena 20, m'miyezi iwiri yokha. Ikatero yatha, siitalikanso ndipo siinenepanso. Zaka zotsatira imangokhwima. Mlimi amadikira zaka zinayi kapena zisanu asanaidule, ndipo amakonda kudula m'miyezi yozizira, pamene m'thupi mwake muli shuga wochepa wokopa tizilombo tofumbwitsa. Kuleza mtima kumeneku sikujambulika mosavuta, ndipo wamkulu ndi amene ayenera kukuwonjezera ndi pakamwa.

Za chakudya ndizo zidzadzidzimutse ana athu, chifukwa kuno ambiri sitidya nsungwi. Ku China mphukira ndi ndiwo yapamwamba, ndipo ili ndi nyengo ziwiri. M'miyezi yozizira, cha mu Disembala ndi Januwale, amakumba zimene zisanatuluke. Luso lake ndi kuona pamene nthaka yatukumuka kapena kung'aluka pang'ono, ndipo zimenezi ndizo zofewa ndi zodula pamsika. Kumayambiriro kwa Epulo, pa nthawi ya Qingming imene mabanja amakalambula kumanda a makolo, mvula ikagwa zimatuluka zambiri nthawi imodzi. Pamenepo mudzi wonse umakhala pa liwiro, chifukwa mphukira yokumbidwa siichedwa kulimba ndi kuwawa. Zina amaphika tsiku lomwelo, monga mu msuzi wotchuka wa ku Shanghai ndi madera ozungulira, wosakaniza mphukira, nyama ya nkhumba yaiwisi ndi ina yothira mchere. Zotsala amawiritsa n'kuyanika, kapena kuzisunga mu mchere, kapena kuzisasitsa. Mlimi amayeneranso kusankha kuti iyi akumbe, iyo aisiye, popeza imene wadya lero ndi dengu limene sadzaluka zaka zisanu zikubwerazo.

Pano pali chenjezo limene mphunzitsi asaliiwale. Mphukira zambiri zansungwi zaziwisi zili ndi poizoni wa mtundu womwe uja wa mu chinangwa chowawa, ndipo amachoka pozisenda, kuziduladula ndi kuziwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Mitundu ina ili ndi wochuluka kuposa inzake. Mwana wa ku Zhejiang amazidziwa zimenezi poona agogo ake akuphika. Wa kuno, amene wangomva m'buku kuti nsungwi imadyedwa ndipo kudambo kwawo ilipo, alibe womuonetsa.

Chofooka choyamba cha bukuli chikuchokera pa lonjezo lake lomwe. Buku lazithunzi limakhala ndi masamba owerengeka, ndipo likati lionetse ntchito zambiri, ntchito iliyonse imalandira malo ochepa. Chimene chimapanikizika ndi kupanga kwenikweniko, pamene ndi pomwe pagona nzeru yonse ya mudzi. M'midzi ya kum'mwera kwa China munali mmisiri wotchedwa miejiang. Ambiri a iwo ankayenda mudzi ndi mudzi atanyamula mipeni yawo. Banja linkamuitana, kumudyetsa ndi kumugoneka masiku angapo, iye n'kusoka madengu obooka ndi kuluka atsopano kukolola kusanayambe. Kuluka kunali kumapeto. Ntchito yaikulu inali kuwaza. Ankang'amba nsungwi pakati, mbali iliyonse pakatinso, mpaka atapeza timizere. Kenaka kamzere kalikonse ankakang'ambanso m'litali mopyapyala, kulekanitsa khungu lobiriwira la kunja, limene ndi lolimba ndipo limapindika osathyoka, ndi mnofu wachikasu wa m'kati, umene suchedwa kutha. Khungulo linkapita ku zinthu zofunika kukhalitsa, monga mphasa yogonera ndi mkombero wa dengu, wam'katiwo ku madengu wamba. Akatero ankakoka kamzere kalikonse pakati pa timipeni tiwiri tokhomedwa pa benchi kuti tonse tifanane m'lifupi, n'kukapala kuti kasalase munthu. Wophunzira ntchitoyi ankatha zaka ali pa kuwaza ndi kupala, zala zili mabala okhaokha.

Woluka malichero wa kwathu kuno angazindikire pafupifupi sitepe iliyonse ya ntchito imeneyi. Ndikadakonda buku limene likadasankha chinthu chimodzi, dengu limodzi basi, n'kulitsata kuyambira tsiku lodula mpaka tsiku loboola pansi, ndi mwana wofuna kuphunzira, wodzicheka, wokalipiridwa, woluka chopotoka. Pamenepo pakadakhala nthano. Ana amabwerera ku buku chifukwa cha munthu amene akufuna chinthu n'kumavutika kuchipeza, ndipo mndandanda wa ziwiya, ngakhale utakongola bwanji, suwagwira mtima motero. Bamboo and Me likukokeredwa mbali ziwiri, kukhala nthano ndi kukhala phunziro, ndipo kamutu ka pachikuto kaja kaulula kale mbali imene yapambana. Chimene chalipulumutsa ndi kusankha mwana kukhala wolankhula. Ziwiya zikudza kwa wowerenga kudzera m'maso a mnzake, monga zinthu za pakhomo pa munthu, ndipo zithunzi za Yuan Yahuan ndizo zanyamula gawo lalikulu la katunduyo.

Tibwere ku zinenero. Mabuku a Shanghai Press a mtundu uwu amapangidwira makamaka msika wa kunja, ndipo amagulitsidwa kudzera ku kampani ya Tuttle. Mwana amene ali m'maganizo mwa osindikiza ndi wa banja lochokera ku China lokhala ku San Francisco, London kapena Sydney, amene kusukulu amalankhula Chingerezi, agogo ake n'kumadandaula kuti Chitchaina chikumuthawa. Winanso ndi mwana wa mtundu uliwonse amene akuphunzira Chitchaina m'kalasi. Kwa ana amenewa mizere iwiriyo imathandizana: wakhumudwa pa umodzi, agwira unzake. Kholo losadziwa zilembo za Chitchaina lidzawerenga Chingerezi chokha, chifukwa chilembo cha Chitchaina sichimuuza munthu katchulidwe kake monga zimachitira zilembo zathu.

Komabe mzere wa Chitchainawo si wongokongoletsa tsamba, ngakhale kwa osauwerenga. Chilembo cha nsungwi, 竹, chimaoneka ngati timasamba tiwiri tolendewera, ndipo chikachepetsedwa chimakhala pamutu pa zilembo za zinthu zambiri zochokera ku nsungwi. Chili pamwamba pa 笋, mphukira, pa 篮, dengu, pa 筷, timitengo todyera, ndi pa 笛, chitoliro. Pa 笔, cholembera, nsungwi ili pamwamba ndipo chilembo cha ubweya chili pansi, pakuti cholembera chachikale chinali ubweya womangidwa ku kansungwi. Ndiye kuti zimene bukuli likuphunzitsa ndi zithunzi, kalembedwe ka Chitchaina kanazisunga kale m'thupi mwake. Mwana wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chinenerocho angathe kusaka timasamba timeneti tsamba ndi tsamba. Mzere wa Chingerezi ulibe mphatso yotere. Chingerezi cha ana chimakondanso kuwunjika zolukidwa zonse pa liwu limodzi, pamene Chitchaina chimasiyanitsa dengu lokhala ndi chogwirira, lalikulu lonyamulira mpunga, lakuya lobereka kumsana ndi lopetera, monga Chichewa chimasiyanitsira dengu, mtanga, nsengwa ndi lichero. Pa nkhani ya nsungwi, m'zinenero zitatuzi chosauka ndi Chingerezi.

Chofooka chachiwiri ndi chachikulu, ndipo chili m'liwu lakuti wachikale. Mudzi umene chilichonse chimachokera ku nkhalango ya pafupi ndi mudzi umene China yausiya m'mbuyo mofulumira kwambiri. Mu 1978 anthu osakwana 20 pa 100 aliwonse ndiwo ankakhala m'mizinda. Mu 2011 a m'mizinda anaposa theka, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti afika pafupifupi 64 pa 100. Amene anachoka ndi anthu a msinkhu wogwira ntchito. Mu 2013 bungwe la All-China Women's Federation linanena kuti ana akumudzi pafupifupi 61 miliyoni anali ndi kholo limodzi kapena onse awiri kutali, kumafakitale ndi kumalo omanga nyumba. Ambiri ankaleredwa ndi agogo. Beseni lapulasitiki linalanda malo a dengu, ndipo amisiri oluka amene atsala ambiri ndi okalamba.

Nsungwi yokha sinathe ntchito, inangosamukira ku fakitale. Ku Anji, m'chigawo cha Zhejiang, imasanduka matabwa oyala pansi m'nyumba, mipando, makatani ndi timitengo todyera totumizidwa m'mayiko ambiri, ndipo alendo amakhamukira kumeneko kukaona nkhalango imene inaoneka mu filimu ya Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000. M'madera ena nkhalango zangosiyidwa, chifukwa malipiro a wodula ndi kutsitsa nsungwi m'phiri akuposa mtengo wake. Bungwe la INBAR, loona za nsungwi m'mayiko ambiri, linakhazikitsidwa mu 1997 ndipo likulu lake lili ku Beijing. Mu Novembala 2022 bungweli ndi boma la China anayambitsa ndondomeko yolimbikitsa nsungwi m'malo mwa pulasitiki. Zikuoneka ngati kubwerera kwa agogo, koma zimene akukamba ndi mapaipi, mbale ndi zokutira katundu zopangidwa ndi makina.

Sindikunena kuti buku la ana a zaka zisanu linayenera kukhala ndi ziwerengero za kalembera. Kukumbukira mudzi wa makolo ndi chifukwa chokwanira cholembera buku, ndipo mwana wa m'nyumba zosanja za ku Shanghai, amene sanaonepo mphukira ili m'nthaka, akufunika buku lotere kuposa wina aliyense. Vuto limabwera bukulo likawoloka nyanja. Mwana wa ku Shanghai akatseka buku amaona mzinda pawindo, ndipo amadziwa yekha kuti zimene wawerenga ndi zakale kapena zakutali. Mwana wa kunja alibe windo limenelo. Ife tikudziwa mmene zimakhalira, popeza takhala tikuona mabuku a ana a ku Ulaya akujambula Africa yense ngati nyumba yaudzu, mtsuko pamutu ndi mkango chapatali. Kusiyana kwake n'kwakuti pano eni ake ndiwo asankha kudzionetsa motero kwa alendo. Mudzi wabata, wodzidalira, wobiriwira, ndi chithunzi chimene chimagulika bwino kunja. Chiganizo chimodzi chokha chouza mwana kuti iyi ndi nthawi ya ubwana wa agogo chimasintha kawerengedwe konse, ndipo wamkulu wowerengayo achinene.

Nkhalango yobiriwira nthawi zonse ija nayo ili ndi tsiku lake. Mitundu yambiri ya nsungwi imachita maluwa kamodzi patapita zaka makumi angapo, yonse nthawi imodzi, kenaka n'kuuma. Mu 1983 zinachitika m'mapiri a Qionglai ku Sichuan, ndipo a panda a kumeneko anasowa chakudya. Mwana wofunsa mafunso angakondwe kumva zimenezi.

Tsopano mwana uja amene osindikiza sankamuganizira. Kwa mwana wa kumudzi ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete, zimene bukuli likuzionetsa ngati zachikale ndi za m'mawa uno. Lichero lili pakhonde, nkhokwe yolukidwa ili pabwalo, mono uli kumtsinje, ndipo munthu woluka amamudziwa dzina. Zinenero zonse ziwiri za m'bukuli si zake, koma zithunzi adzaziwerenga mwachangu kuposa mwana wa ku London amene mzere wa Chingerezi unalembedwera iye. Adzaona msanga chimene chikufanana ndi cha kwawo, ndipo chosiyana chidzamudabwitsa mpaka afunse. Dziko la China ana athu amalidziwa kudzera m'mafoni, m'masitolo a m'tauni, ndi m'zomanga zimene zabwera chiyambire ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, monga Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe. Zoti anthu a kumeneko nawonso anali alimi opeta ndi kuluka, ndipo ena akadali otero, sizimveka kawirikawiri. Apa ngozi ya mudzi wachikale ija yatembenuka: kwa mwana amene amangodziwa China ya mafakitale, bukuli likuwonjezera mbali imene inkasowa.

Ndingalipereke kwa ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi zitatu, powerengeredwa ndi wamkulu, osati kungowasiyira. Mphunzitsi wa m'makalasi oyambirira asavutike ndi kumasulira Chingerezicho liwu ndi liwu. Afotokoze m'Chichewa, anawo atchule okha mayina a zimene akuona, ndipo pamene dzina lasowa adziwe kuti apeza chinthu chimene kuno kulibe. Ngati pafupi pali nsungwi, abweretse chidutswa m'kalasi, anawo aone kuchindikala kwa mnofu wake, n'kukambirana kuti ndi ziti mwa ziwiya za m'zithunzi zimene nsungwi yathu ingapange, ndi ziti zimene zikufuna mphako yaikulu ya moso. Laibulale imene ili ndi ndalama ya buku limodzi lokha lonena za China ingachite bwino kugula ili m'malo mwa lina la chinjoka, bola woyang'anira alembe m'kati mwa chikuto kuti mphukira siidyedwa yaiwisi.